Mlongo wanga akubwereranso pa steji patatha zaka 4: chinthenthe tithane nacho bwanji, nanga avale chiyani?

Wakuphiri_DZ analemba:

Moni nonse akuluakulu a pabwalo lino. Ndili pa boma pa Dedza, ndipo ndikufunsira mlongo wanga wamng'ono yemwe ndimamuyendetsera za mayimbidwe. Kale anali ndi nyimbo zitatu zomwe zinkavinidwa m'maukwati kuyambira ku Linthipe mpaka ku Lizulu, kenako anakhala chete zaka 4 chifukwa cha uchembere ndi bizinesi. Pano wajambula nyimbo zatsopano zisanu, ndipo tikukonza shoo yapanja Loweruka lomaliza la Julayi. Iye adzakwera cha m'ma 6 koloko madzulo ndi bandi ya anthu anayi, kwa mphindi 45.

Vuto lili pawiri. Mawu alipo ndithu, mu situdiyo amayimba mwanthetemya, koma tikangoitana anthu ngakhale khumi kuti amumvere amayang'ana pansi, maiki n'kumanjenjemera m'manja, pofika nyimbo yachitatu ali wefuwefu. Kwinaku thupi linasintha, zovala zakale sizikumukwana, ndipo anzake akumusokoneza. Ena akuti asinthiretu maonekedwe kuti anthu adzadabwe, ena akuti abwere momwe ankamudziwira. Kwatsala masabata 6. Tiyambire pati?

Kiyibodi_Linthipe anayankha:

Achimwene, masabata 6 ndi okwana, bola musawathere onse kwa telala. Chinthenthe mukunenachi gwero lake lalikulu ndi mpweya. Mu situdiyo munthu amayimba mzere umodzi, n'kupuma, n'kubwereza mpaka zitheke. Pa steji mwayi umenewo palibe. Woyimba akamva kuti mpweya ukumuthera mzere usanathe, thupi limadzidzimuka, mapewa amakwera, khosi limauma gwa, ndiye mzere wotsatira umavuta koposa woyambawo. Befu ndiye amayamba, mantha n'kutsatira.

Sabata ino yomwe mukhale pansi ndi bandi muone kiyi ya nyimbo iliyonse, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa mawu ake, makamaka zakalezo. Munthu amene wakhala zaka 4 osayimba mokoka, mawu apamwamba aja samabwera mosavuta ngati kale. Ngati kolasi akuifika mochita kudzikoka, tsitsani nyimboyo ndi theka la sitepe kapena sitepe yonse, yomwe inali mu G ipite mu F. Pabwalo palibe adzadziwe kuti mwatsitsa, koma onse adzamva mawu akadzasweka pamwamba. Chigamulochi chipangidwe msanga chifukwa wa gitala ayenera kuzolowera zala zatsopano, ndipo othandizira kuyimba nawonso mawu awo amasuntha.

M'mawa uliwonse aike dzanja pamimba, akoke mpweya kuti mimba ndi nthiti zam'munsi zitukuke mapewa ali phee, kenako autulutse pang'onopang'ono ndi “sss” wina akuwerenga masekondi. Oyamba kumene amathera cha pa 15. Cholinga chikhale 30. Akatero aziyimba nyimbo zake akuyenda ndawala kuzungulira nyumba. Kuyambira sabata yachitatu, katatu pa sabata, ayimbe mndandanda wonse wa mphindi 45 ndi bandi, akuvina, osaima ngakhale wina alakwitse. Apa mpamene magulu ambiri amaphonya: pa pulakatisi aliyense akaphonya amaimitsa nyimbo n'kuyambiranso, ndiye woyimba saphunzira kudzipulumutsa nyimbo ili mkati. Akaiwala mawu apatse anthu maiki, kapena abwereze vesi yoyamba, bandi imutsatire osasintha nkhope. Zimenezi nazo zimayeserera. Tsiku limodzi pa sabata mawu apume.

Mndandanda wake: mphindi 45 zimalowa nyimbo 8 kapena 9 mukawerengera zolankhula ndi nthawi yofupa. Musatsegule ndi yatsopano, ngakhale muikonde bwanji. Tsegulani ndi yakale yomwe amayi a pamsika amaidziwa pamtima, ya liwiro lapakati, ndipo iyambire pa kolasi kuti m'masekondi 20 oyamba anthu akhale akuyimba naye. Phokoso limenelo limamunyamula kuposa mawu olimbikitsa aliwonse omwe inu mungamuuze kuseri. Yachiwiri ikhalenso yakale. Yatsopano ilowe pachitatu, ina pachisanu, yodekha ikhale pakati kuti apezepo mpweya, ndipo yomwe inatchuka kuposa zonse muisungire kumapeto. Zatsopano zisanu zonse usiku umodzi zachuluka, zitatu zikwana.

Mawu oyamba kulankhula awaloweze ngati vesi. Akhale afupi, moni ndi kutchula madera omwe anthu achokera basi. Asapepese kuti anasowa, asanene kuti ali ndi mantha kapena kuti mawu sali bwino. Akangotero anthu amayamba kusakasaka cholakwika.

Za kuyang'ana pansi, mum'sankhiretu malo atatu kumbuyo kwa khamu, kumanzere, pakati ndi kumanja, monga mtengo, galimoto ndi denga la golosale. Vesi iliyonse azisintha poyang'ana. Kwa anthu zimaoneka ngati akuwayang'ana iwo. Ndipo muuzeni wa ng'oma aziwerenga ndi metronome ya pa foni, kachida kosunga liwiro la nyimbo, chifukwa tsiku la shoo magazi amathamanga, nyimbo yogunda ka 100 pa mphindi imapezeka ili pa 112, woyimba n'kusowa popumira.

Asadzaone khamu koyamba pa tsikulo. Mupezereni chinkhoswe kapena ukwati m'masabata awiri omaliza akayimbeko nyimbo ziwiri zokha.

Nangozo_Telala anayankha:

Bambo, a Kiyibodi anena zoona za mpweya, koma chovala nachonso chimakhudza mpweya womwewo. Diresi yothina m'nthiti imalanda woyimba gawo la mpweya wake. Choncho telala akamamuyeza, muyeso wa m'chifuwa ndi m'mimba autenge mlongo wanuyo atakoka mpweya wonse, osati atabweza mimba kuti aoneke wochepa. Amayi ambiri amachita zimenezo pa tepi, mavuto n'kudzaonekera pa steji.

Zovala zakalezo muziiwale, musamuvutitse n'kufuna kuonda m'masabata 6. Kudzimana chakudya kwinaku akuchita pulakatisi yovina kumangomufoola. Sokerani thupi lomwe ali nalo lero.

Pa mkangano wa anzakewo, ine ndikuti musasinthe zonse ndiponso musabwereze zonse. Funsani anthu asanu kuti akamukumbukira amaona chiyani. Mwina ndi duku lomangira pambali, mwina mtundu wina wake, mwina mikanda m'khosi. Chimodzi chimenecho chisungeni, kuti wa kumbuyo kwenikweni akangoona anene kuti ndi yemwe uja. Zina zonse zikhale zatsopano, zoyenera msinkhu wake wa pano. Akasinthiratu, nyimbo ziwiri zoyamba anthu amathera kunong'onezana za tsitsi ndi diresi m'malo momvera.

Tsopano kasokedwe. Diresi yaitali ya chitenje imadya mamita 4, ndipo lainingi ikhale ya kotoni, chifukwa ya nayiloni imamata pathupi thukuta likayamba. Nsaluyo ichapidwe kaye isanadulidwe, popeza kotoni amabwerera akachapidwa koyamba ndipo zitenje zina zimachucha. Chitenje chochucha chikakumana ndi thukuta chimapaka utoto m'khwapa ndi pa lainingi. M'misoko ya m'mbali telala asiye masentimita atatu kuti ngati thupi lasintha ndi mapulakatisi athe kubweza kapena kumasula. M'khwapa aikemo kachigamba kuti mkono uzikwera mpaka pamwamba diresi yonse osakwera nawo. Zipi ikhale yolimba ya mano ooneka, yokhala ndi kangowe pamwamba. Zipi zobisika zija n'zokongola pa ukwati, koma zimaphulika munthu akawerama mwamphamvu. Mpendero ulekeze pamwamba pa akakolo atavala nsapato za tsikulo, apo ayi adzauponda pobwerera m'mbuyo.

Poyesa, asangoima pagalasi. Akweze manja onse, awerame ngati akutola ndalama zofupa, adumphe, atembenuke, ayimbe kolasi yokwera kwambiri ija. Chilichonse chomwe akuchikoka kapena kuchikonza ndi dzanja chibwerere pa makina. Woyimba amene dzanja lake lili pa khosi la diresi mphindi iliyonse maganizo ake sali pa nyimbo, ndipo anthu amaona. Muganizirenso kuti steji ndi yokwera, a kutsogolo amayang'ana chokweza maso, ndiye siketi yomwe pansi ndi yaulemu pamwamba imafupika. Avale kabudula wothina wakuda mkati.

Julayi wa ku Dedza mukumudziwa nokha. Tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo dzuwa likangolowa kuseri chisanu chimatsika msanga. Mapewa apamtunda pa 6 koloko ndiye kuti adzanjenjemera ndi kuzizira, iye n'kumayesa mantha. Musokereni kajekete kafupi ka nsalu yomweyo. Alowe atavala, adzavule pa nyimbo yachinayi thupi litatentha. Pamenepo mwapezanso maonekedwe awiri popanda kutsika kukasintha.

Nsapato za gogoda wosongoka ayi. Masteji athu ambiri ndi matabwa okhala ndi mipata kapena kumbuyo kwa lole, chidendene chikalowa pampata basi wagwa. Apeze ya chidendene chachikulu chosapitirira masentimita 5, yomanga pa kakolo, ndipo aziivala pa pulakatisi iliyonse kuyambira pano. Pansi pake ngati mpoterera, palani ndi sandipepa. Wigi kapena duku limangidwe ndi mapini pa tsitsi lolukidwa mkati, osadalira lamba wake yekha. Ndolo zazitali zimakola tsitsi, zibangili zachitsulo ku dzanja logwira maiki zimamveka m'masipika.

Mitundu musamale nayo. Kuvala buluu yekhayekha, chikasu, olenji kapena zofiira zokhazokha kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuno ena amamasulira zachipani, ndiye musakanize. Ndipo poti ena angakuuzeni kuti avale zachikhalidwe: mikanda yachingoni ilibe vuto, ambiri timaivala ku Umhlangano kwa Nkolimbo, koma chikopa cha nyalugwe n'cha mafumu, ndipo chilichonse chofanizira Gule Wamkulu asachiyerekeze n'komwe pa shoo ya zovinavina. Ku Dedza akuluakulu sangazione mopepuka.

Mawaya_Ntcheu anayankha:

Akulu, woyimba amene sakudzimva yekha sangalimbe mtima, ngakhale atachita pulakatisi chaka chathunthu. Pabwalo lapanja mawu amangopita, palibe khoma lowabweza. Iye akaona kuti sakudzimva amayamba kukuwa, pofika nyimbo yachinayi mawu asasa. Ndiye pobwereka zida musangofunsa kukula kwa masipika oyang'ana kwa anthu. Funsani monitor, sipika yogona pansi yoyang'ana kwa woyimba. Yake ikhale yakeyake, mukhale mawu ake pamwamba, kiyibodi pang'ono kuti azipeza kiyi, ng'oma musaikemo chifukwa ali nazo kale kumbuyo.

Kulira kwa maiki kuja, kogonthetsa m'makutu, kumachitika maiki ikamva mawu ake omwe kuchokera mu sipika n'kuwabwezanso. Masipika akuluakulu akhale kutsogolo kwa mzere womwe woyimba amaima, osati kumbuyo kwake. Monitor iyang'anizane ndi kumchira kwa maiki. Maiki ngati Shure SM58 imamva kutsogolo, kumbuyo siimva kwenikweni, koma akaifumbatira kumutu monga amachitira anyamata a rap, watseka timipata tomwe timaipangitsa kusankha mbali, ndiye imayamba kumva ponseponse n'kulira. Agwire pa thupi la maikiyo. Italikire pakamwa zala ziwiri, pokweza mawu aitalikitseko pang'ono, ndipo asaitsitse kuloza monitor nyimbo ikatha. Poti mwati dzanja limanjenjemera, nyimbo yoyamba ayimbire pa sitandi, manja onse ali omasuka. Akakhazikika aichotse.

Ngati ndi yopanda chingwe, mabatire akhale atsopano a alkaline, oikidwa iye atatsala pang'ono kukwera, osati omwe a MC akhala akugwiritsa ntchito kuyambira masana. Pambali pakhale ya chingwe yolumikiza kale. Zingwe zonse zodutsa pomwe amavina zimatidwe pansi ndi tepi, ndipo ndi tepi yoyera mulembe pomwe pali pakati pa steji ndi pomwe ikuthera, chifukwa magetsi akamuwala m'maso m'mphepete simuoneka.

Kuyesa zida kuchitike masana anthu asanadzaze, iye mwini alipo, mphindi zosachepera 30, ndipo ayimbe ndi mphamvu yomwe adzayimbire usiku. Ambiri poyesa amangoti “wani, thuu” chapansipansi, wa mikisa, yemwe amayendetsa makina a mawu, n'kukweza, usiku mawu n'kumasweka.

Za magetsi owunikira. Pa 6 koloko mu Julayi kunja kwada kale. Magetsi ambiri obwereka amabwera akuthwanima buluu, gilini ndi ofiira, onse ataikidwa kumbuyo kwa bandi. Zotsatira zake nkhope ya woyimba imakhala mumdima, pa foni n'kuoneka chithunzithunzi chabe. Buluu ndi gilini pa khungu lakuda amalichititsa mbuu ngati phulusa. Muike awiri kutsogolo, wina kumanzere wina kumanja, okwezedwa pa mitengo kuti aziwala chotsika mopendekera, a kuwala koyera kopita kuchikasu, ndipo asathwanime. Amitundu aja asewere kumbuyo. Diresi ija ya a Nangozo muiyesenso usiku, tochi yamphamvu ili kumbuyo kwake, muone ngati siikuonetsa mkati.

Jenereta ikhale yoyaka kale kapena yoyesedwa tsiku lomwelo, mafuta odzaza, itatalikira steji kuti utsi ndi phokoso zisafike kwa woyimba. Ma amplifier, makina opatsa masipika mphamvu, amayatsidwa pomaliza ndipo amazimitsidwa poyamba. Mugwirizanenso chochita magetsi akathima nyimbo ili mkati: wa ng'oma asaime, iye apite kutsogolo, aombe m'manja, atsogolere kolasi ndi pakamwa. Muyeserere kawiri pa pulakatisi, wina azimitse dala osachenjeza.

Kamera_Lizulu anayankha:

Ndikugwirizana ndi mayi Nangozo kupatula pamodzi. Chitenje si chilichonse chomwe chimajambulika. Cha timizere ting'onoting'ono kapena timadontho tothinana chimachita mafunde pa vidiyo, ndipo kwa munthu amene waima mamita 20 chimangooneka chotuwa. Sankhani cha maluwa akuluakulu, kapena nsalu ya mtundu umodzi kumtunda chitenje kumunsi. Choyera mbee pansi pa magetsi chimawala mpaka foni imadetsa nkhope. Musanagule jambulani nsaluyo ndi foni muli patali.

Kumbukirani kuti omwe adzaone shooyi pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp adzaposa omwe adzabwere, ndipo adzaona kudzera m'mafoni a anthu, osati kamera yanga kapena ya wina. Phoda yoyererapo kuposa khungu lake imaoneka ngati ufa ikakumana ndi flash, ndiye ayese usiku kutatsala sabata imodzi kuti shoo ichitike, mumujambule, muone ngati nkhope ndi khosi zikufanana. Pa steji pakhale kathaulo kakuda kopukutira mogunda, osati mokhula.

Chithunzi cha pa positala chikhale chatsopano, cha mwezi uno, ndi tsitsi lomwe adzakhale nalo. Mukaika cha zaka 4 zapitazo mwawapatsa nokha anthu choyerekezera, ndipo iye adzazimva akungokwera. Mumujambulenso pa pulakatisi, foni itaima malo amodzi, kenako aonere atatseka mawu. Popanda nyimbo ndi pamene amaona yekha kuti phazi likungopondaponda malo amodzi kapena dzanja lamanzere likusowa kopita. Akonze chinthu chimodzi pa sabata, osati zonse.

Wakuphiri_DZ analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Kiyi tikayamba kuiona Lachiwiri. Funso lina laling'ono: ola lomaliza asanakwere azichita chiyani? Pali mnzake amene akuti amwe kabotolo kamodzi kuti mantha achoke, wina akuti maswiti a menthol amatsegula kukhosi.

Kiyibodi_Linthipe anayankha:

Zonse ziwiri ayi, achimwene. Mowa umaumitsa kukhosi ndipo umachedwetsa khutu, munthu amaphonya polowera iye akuona ngati zili bwino. Menthol amaziziritsa kukhosi, ndiye amakoka mawu mopyola osamva kuti akudzipweteka. Madzi ayambe kumwa kuyambira m'mawa, pang'onopang'ono, chifukwa omwa pa mphindi yomaliza safika msanga pomwe akufunika. Nsima adye cha m'ma 2 koloko, pang'ono, isakhale ya ndiwo zamafuta kapena tsabola wambiri. Zakumwa za gasi zimageyetsa pa maiki.

Pofika 5 koloko akhale atavala kale, ali m'galimoto kapena m'chipinda, mpango uli m'khosi, kutali ndi utsi wa okazinga tchipisi. Abale ndi anzake obwera kudzapereka moni muwaletse inuyo, chifukwa kulankhula mokweza pa phokoso la masipika kumatopetsa mawu kuposa kuyimba, ndipo kunong'ona nakonso kumakanda kukhosi. Kutatsala mphindi 30 atenthetse mawu kwa mphindi 15: kung'ung'udza atatseka pakamwa, kunjenjemeretsa milomo akukwera ndi kutsika, kenako kolasi ya nyimbo yoyamba chapansipansi. Adumphedumphe pang'ono, agwedeze manja kuti magazi ayende m'zala. Mtima ukamagunda kwambiri akoke mpweya m'mphuno akuwerenga mpaka 4, autulutse akuwerenga mpaka 8, kasanu.

A MC muwauze asamutchule bandi isanayambe kulira. Bandi iyambe, izungulire kawiri poyambira, ndiye amutchule, iye alowe akuyenda pa kugunda kwa ng'oma mpaka pa tepi yoyera ija. Fulasiki ya madzi ofunda muiike pafupi ndi phazi la sitandi, yotsekula kale, kumbali ya dzanja lomwe sagwirira maiki.